Chala, maso ndi bala la mumtima: mbiri ya EMDR

Sabata ino cholembera chagwera ine, ndiye khalani pansi bwinobwino, nkhaniyi yatalikirapo.

Ndili ndi alamu anga, akazi a achimwene, omwe adapulumuka ku Chilobwe usiku womwe matope adatsika m'phiri la Soche mu March 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Bala la pamwendo lidapola kalekale, patsala chipsera. Banja lidasamukira ku Lilongwe. Koma mpaka lero, mvula ikangoyamba kugogoda pamalata usiku, amadzuka, kuvala nsapato, n'kukhala pampando pafupi ndi chitseko mpaka kucha. Mukawafunsa amati, "Ndikudziwa kuti kuno kulibe phiri, alamu. Mutu ukudziwa, koma thupi silikumva."

Mwezi watha mwana wawo wachisamba adanditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Kadontho koyera kakuyenda pagalasi la foni, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja. Pansi pake padalembedwa kuti ukakatsatira ndi maso kwa mphindi khumi, zoopsa zonse zomwe udaona zimafufutika. "Bambo aang'ono, zimenezi n'zoona? Ndiwayese amayi?" Ndidamuuza kuti adikire kaye, ine n'kuyamba kufufuza komwe kadonthoka kadachokera. Ndidapeza kuti kali ndi mbiri yeniyeni, ya zaka zoposa 35, ndipo m'mbirimo muli nkhondo, khansa, mikangano ya madokotala, ngakhalenso amayi a ku Uganda. Funso lomwe lazunguza akatswiri zaka zonsezi ndi m'bale wake wa funso la mwana uja: chimachiza munthu n'chiyani, kadonthoko kapena china chake?

BALA LOMWE LIDALIBE DZINA

Tisanafike pa maso tiyambe ndi balalo, chifukwa kwa zaka zambiri anthu sankavomera n'komwe kuti lilipo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri a ku Britain ankachoka m'maenje a ku France akunjenjemera, ena osalankhula, ena osaona, chikhalirecho pathupi palibe pomwe chipolopolo chakhudza. Mu 1915 dokotala Charles Myers adalemba za iwo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, n'kugwiritsa ntchito mawu oti shell shock, poganiza kuti kuphulika kwa mabomba kwagwedeza ubongo. Akuluakulu ambiri a asilikali ankati ndi mantha chabe. Asilikali 306 a mbali ya Britain adaomberedwa ndi anzawo omwe pa milandu monga kuthawa nkhondo, ndipo ena mwa iwo adali odwala matenda amenewa. Boma la Britain lidawakhululukira mu 2006, patadutsa zaka pafupifupi 90. Ife kuno tili ndi chipilala ku Zomba chokumbukira asilikali a King's African Rifles omwe adafera kunkhondo. Omwe adabwerako ndi moyo koma nkhondo ili m'mutu, chipilala chawo palibe.

Pa nkhondo yachiwiri, dokotala wachinyamata wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, ankasamalira asilikali otere pachipatala cha asilikali ku Kimberley, ku South Africa. Njira ya masiku amenewo, yowapatsa mankhwala kuti aulule zobisika mumtima, adaona kuti siikuthandiza kwenikweni. Nkhondo itatha adayamba njira ina: kumuyandikiza munthu ku chomwe amachiopa pang'onopang'ono, thupi lili lomasuka, mpaka mantha atazilala. Ndi iyeyunso adapanga muyeso wosavuta, wofunsa wodwala kuti atchule nambala yosonyeza kukula kwa ululu womwe akumva mumtima. Dzinali lisungeni, tikumana nalonso.

Dzina lomwe tikulidziwa lero, PTSD, lidalowa m'buku la matenda a maganizo la madokotala a ku America mu 1980. Silidalowe lokha. Adalikankha ndi asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam omwe adatopa n'kutchedwa zidakwa, komanso amayi omwe m'zaka za m'ma 1970 adayamba kulankhula poyera za kugwiriridwa ndi nkhanza za m'banja. Zidaoneka kuti msilikali ndi mayi wogwiriridwa akudwala mofanana: maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kaphokoso kochepa, kupewa malo okumbutsa tsikulo, ndi zithunzi zobwera m'maso mwadzidzidzi ngati zikuchitika pompano. Matenda adapeza dzina, koma chithandizo chodalirika chidali chikadafunidwa.

MAYI WINA AKUYENDA M'PAKI

Francine Shapiro sadayambe ngati dokotala, ndipo apa a m'gulu lino mukondwa: adali wa zolembalemba ngati ife tomwe. Adabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu 1948, adaphunzitsa Chingerezi kusekondale, ndipo ankachita maphunziro apamwamba a mabuku a Chingerezi pa New York University pomwe adamupeza ndi khansa ya m'mawere mu 1979. Atachira adasiya njira ya mabukuyo, kusamukira ku California, n'kuyamba kuphunzira za momwe maganizo amakhudzira thupi.

Malinga ndi momwe mwini wake ankafotokozera, tsiku lina mu 1987 ankayenda m'paki ali ndi maganizo omusowetsa mtendere. Adazindikira kuti maganizowo akabwera, maso ake ankathamanga okha uku ndi uku, kenaka maganizo aja n'kuchepa mphamvu. Atawakumbukiranso dala, sankaluma ngati poyamba. Adayesa kuyendetsa masowo mwadala, zidachitikanso. Adayamba kuyesa anzake, ndipo ataona kuti ambiri akulephera kuyendetsa maso paokha kwa nthawi, adayamba kuwatsogolera ndi dzanja: tsatirani zala zangazi. Kadontho ka pafoni kaja, agogo ake ndi zala zimenezi.

Mu 1989 adasindikiza kafukufuku wake woyamba m'magazini ya Journal of Traumatic Stress. Adali ndi anthu 22 okha, ena asilikali a ku Vietnam, ena ogwiriridwa. Adanena kuti atawathandiza kamodzi kokha, ululu wa zomwe ankakumbukira udatsika kwambiri. Kamodzi kokha, anthu oti avutika zaka ndi zaka! Ena adaimba nthungululu, ena adangopukusa mitu. Ndipo opukusa mituwo adali ndi mfundo: anthu adali ochepa, wochiza adali iyeyo, woyeza zotsatira iyeyonso. Zili ngati mphunzitsi kukonza mayeso, kuwalemba, n'kudzichongera yekha.

Chomwe chidamutsegulira zitseko ndi Joseph Wolpe uja, yemwe panthawiyi adali nkhalakale wolemekezeka ku America. Adaiyesa njirayo pa wodwala wake, adaona kuti yathandiza, ndipo adalemba zimenezo mu 1991. Muyeso wake wa manambala udali utalowa kale m'njira ya Shapiro. Pofika chaka chomwecho dzina lidali litakhazikika: Eye Movement Desensitization and Reprocessing, mwachidule EMDR, kutanthauza kuziziritsa ululu wa zomwe munthu akukumbuka ndi kuzikonzanso mothandizidwa ndi kuyenda kwa maso.

ZOMWE ZIMACHITIKA M'CHIPINDAMO

Apa m'pomwe kavidiyo kaja kamanama, ndipo kamanama pobisa. EMDR yeniyeni ili ndi magawo 8, ndipo kuyendetsa maso pa chinthu chowawacho kumayamba pa gawo la 4. Poyamba katswiri amamva mbiri ya munthuyo n'kuona ngati ali wokonzeka. Kenaka amamuphunzitsa njira zodzikhazikira mtima pansi, kuti zikafika povuta adziwe pothawira. Kwa ena gawo limeneli lokha limatenga masabata. Akatero amasankha chithunzi chimodzi, choipitsitsa, cha tsiku lija. Amafunsa: mukachiona chithunzichi mumadziuza chiyani za inu mwini? Mayankho amakhala onga akuti "ndifa," "ndine wopanda pake," "ndidalakwa ndine." Nanga mukufuna mutamakhulupirira chiyani m'malo mwake? "Zidatha, ndili moyo." Ululu uli pa nambala yanji, kuyambira 0 mpaka 10? Mukuumva pati m'thupi, pachifuwa, m'mimba, pakhosi?

Zikatero m'pomwe zala zimayamba. Munthu amagwira chithunzicho m'maganizo uku maso akutsatira zala kwa masekondi pafupifupi 30. Zala zimaima. "Pumani. Kwabwera chiyani?" Munthu amatchula chomwe chabwera, kaya ndi chithunzi china, kaya mkwiyo, kaya misozi, ndipo katswiri amamuuza kuti apitirize ndi chomwecho. Amabwereza choncho mpaka nambala ija itatsika. Ena m'malo mwa zala amagwiritsa ntchito kuwala koyenda, timawu tosinthana m'makutu, kapena kugogoda mawondo mosinthanitsa. Pomaliza amaonetsetsa kuti munthu akutuluka mtima uli m'malo, ndipo ulendo wotsatira amayamba ndi kuona ngati zomwe zidatsika zidatsikadi. Chomwe chidakopa ambiri n'chakuti wodwala sakakamizidwa kufotokoza zonse mwatsatanetsatane. Kwa mayi yemwe adachitidwa zinthu zomwe pakamwa sizituluka, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Shapiro ankati ubongo uli ndi njira yake yachibadwa yokonzera zomwe takumana nazo, ndipo chinthu choopsa kwambiri chimaimitsa njirayo. Ine ndimaziona chonchi. Zambiri zomwe timakumbukira zili ngati matumba a chimanga omwe tidasoka n'kusanja kuchipinda: tikudziwa kuti alipo, tikawafuna timakawatenga. Choopsa chija ndi thumba lomwe lidatsala pakhomo penipeni, losasoka. Polowa upunthwa nalo, potuluka upunthwa nalo. Chithandizo sichitaya thumbalo ayi. Chimangolisoka n'kulinyamulira komwe kuli anzake.

CHIPEWA CHAPEPO

M'zaka za m'ma 1990 EMDR idafalikira ngati moto wolusa, ndipo liwiro lakelo n'lomwe lidakwiyitsa akatswiri ambiri a m'mayunivesite. Anthu zikwizikwi ankalipira kuti aiphunzire pamisonkhano ya masiku ochepa, kafukufuku wokwanira asanachitike, ndipo poyamba ophunzirawo ankasainira kuti sakaphunzitsa ena. Shapiro ankati akuteteza odwala kwa anthu ophunzira mwatheka. Omutsutsa ankati amenewa ndi malonda basi. Buku lake lofotokoza njira yonse lidatuluka mu 1995.

Mu 1999 Richard McNally wa ku Harvard adayerekeza EMDR ndi nkhani ya Franz Mesmer, dokotala yemwe adagwedeza mzinda wa Paris zaka zoposa 200 m'mbuyomo ponena kuti amachiza ndi mphamvu yosaoneka yonga ya maginito. Mu 1784 mfumu Louis XVI idasankha gulu la akatswiri, m'menemo muli Benjamin Franklin ndi Antoine Lavoisier, kuti afufuze. Iwo adayesa anthu atawamanga nsalu kumaso. Mnyamata wina adauzidwa kuti mtengo umodzi m'munda wapatsidwa mphamvuyo, ndipo adakomoka pa mtengo womwe sudakhudzidwe n'komwe. Gululo lidagamula kuti mphamvuyo kulibe, chomwe chikugwira ntchito ndi maganizo a wodwala mwini. Mfundo ya McNally idali yakuti chomwe chimathandiza mu EMDR n'chakale, ndicho kuyang'anizana ndi chomwe umachiopa monga ankachitira Wolpe, pomwe chatsopanocho, zala zija, sichiwonjezera kanthu.

Akatswiri ena awiri, Gerald Rosen ndi Gerald Davison, adapereka fanizo lomwe lidatchuka. Tiyerekeze munthu woopa kuyendetsa galimoto. Mwamuphunzitsa kupuma bwino, mwamuzoloweza chiwongolero pang'onopang'ono, koma nthawi yonseyi mwamuveka chipewa chapepo chokhala ndi maginito. Akachira, inu mukuyamba kugulitsa zipewa. Chipewachi kwathu kuno tikuchidziwa, eti? Munthu amamwa LA wa kuchipatala pamodzi ndi madzi a m'botolo ogula kwa wina wake, malungo akatha ulemu wonse upita kubotolo. Ndipo mu 2001 akatswiri awiri a ku Canada, Davidson ndi Parker, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 34, adapeza kuti EMDR imathandiza ndithu, mofanana ndi njira zina zoyang'anizana ndi mantha, koma sadaone umboni woti masowo akuwonjezera kanthu.

Apa m'pomwe mbiriyi imakoma, chifukwa funso lidagawika pawiri. Loyamba: kodi imathandiza? Kafukufuku atachuluka, yankho lidakhala loti inde, kwa anthu ambiri odwala PTSD. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza zipatala za ku England, lidaivomereza mu 2005. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidaivomereza mu 2013, kwa ana ndi akulu omwe, pamodzi ndi uphungu wa mtundu wa CBT wolunjika pa zoopsa zomwe munthu adakumana nazo.

Lachiwiri: imathandiza chifukwa chiyani? Mlandu uwu ndiye ukadali m'bwalo. Ena adaganiza za tulo, poti munthu akamalota maso ake amathamanga pansi pa zikope. Ena ankati kuyang'ana uku ndi uku kumalumikiza mbali ziwiri za ubongo, koma ganizo limeneli lidafooka pomwe zidapezeka kuti maso akamayenda chokwera ndi chotsika zotsatira zimakhala zomwezo. Kufotokoza komwe kuli ndi umboni wambiri lero kudakulira kwambiri ku Utrecht, ku Netherlands, m'manja mwa Marcel van den Hout ndi Iris Engelhard, ndipo n'kosavuta. Malo omwe ubongo umagwirira zinthu pakanthawi ndi ochepa, ngati lichero. Yesani kuwerenga ndalama wina akukutchulirani nambala ya foni, muona. Munthu akagwira chithunzi choopsa uku akulimbana ndi kutsatira zala, lichero limadzaza, chithunzicho chimaoneka mwachimbuuzi, ululu wake umachepa, ndipo chikamabwerera kosungidwa chimabwerera chozilala choncho. M'mayeso awo, kuchita masamu a m'mutu kapena kusewera Tetris kudachitanso zofananako. Mu 2013 Christopher Lee ndi Pim Cuijpers ataphatikizanso kafukufuku adapeza kuti kuyendetsa maso kumawonjezera kanthu ndithu, ngakhale si zozizwitsa.

Ndiye adapambana ndani? Aliyense adataya kena kake. Otsutsa adaona kuti chipewa chija sichidali chachabe kotheratu. Okhulupirira adaona kuti m'maso mulibe matsenga, ndi njira imodzi chabe yotanganitsira ubongo. Shapiro mwini adadzanena kuti akadakhala ndi mwayi wotchanso dzina, akadachotsamo mawu onena za maso. Adamwalira mu June 2019.

GULUGUFE WA KU ACAPULCO

Mikangano ili mkati, ngozi sizidadikire. Mu October 1997 namondwe wa Pauline adasakaza mzinda wa Acapulco ku Mexico, madzi ndi matope kutsika m'mapiri n'kukokolola nyumba za anthu osauka, zomwe a ku Chilobwe safuna wowafotokozera. Ana ovutika adali ambiri, akatswiri ochepa, zala za munthu mmodzi sizikadakwanira. Mayi wina, Lucina Artigas, adaphunzitsa opulumukawo kupingasa manja pachifuwa n'kumadzigogoda okha mosinthanitsa, kumanja, kumanzere, ngati mapiko a gulugufe. Iye ndi Ignacio Jarero adakonza njira yothandizira ana ambiri nthawi imodzi: kujambula zomwe adaona, kudzigogoda, n'kujambulanso, akatswiri akuyenda pakati pawo. Gulugufe yemweyo ndi amene dziko lidamuona mu 2021 pomwe Prince Harry adalola kujambulidwa akulandira EMDR, manja atapingasa pachifuwa. Mayi ake, Diana, adamwalira pangozi ya galimoto ku Paris mu 1997, iye ali ndi zaka 12.

BALA LOPANDA TSIKU

Mwana wotaya mayi akutifikitsa pa bala la mtundu wina. Alamu anga akhoza kukuuzani tsiku ndi ola lomwe moyo wawo udasweka. Koma alipo anthu omwe ukawafunsa kuti chidachitika n'chiyani amasowa choloza. Sadaone nkhondo kapena namondwe. Adangokula akusinthidwa manja, lero kwa agogo, mawa kwa azakhali, chaka chamawa kwa amalume. Ena adakula ndi kholo lomwe lidalipo thupi lokha. Ena dzanja lomwe linkawapatsa nsima ndi lomwenso linkawamenya. Akakula amavutika kukhulupirira munthu. Wina amamatirira wokondedwa wake mpaka kumutopetsa, wina amathawa chikondi chikangoyamba kuzama.

Yemwe adayala maziko a maphunziro a zimenezi ndi John Bowlby wa ku London. Iye mwini adaleredwa ndi mlezi wolembedwa ntchito, ndipo mleziyo adachoka mwanayo ali ndi zaka pafupifupi 4. Mu 1944 Bowlby adalemba za ana 44 omwe ankaba. Mwa iwo, 14 adawaona kuti sasonyeza chikondi kwa wina aliyense, ndipo 12 mwa 14 amenewa adasiyanitsidwa ndi amayi awo kwa nthawi yaitali ali aang'ono. Mu 1951 adalembera WHO lipoti lonena kuti mwana wamng'ono amafuna munthu wokhazikika womudalira monga momwe amafunira chakudya.

Koma umboni wooneka ndi maso udachokera mu Africa muno. Mu 1954 Mary Ainsworth, yemwe adagwirapo ntchito ndi Bowlby, adafika ku Kampala. Kumeneko adayendera mabanja 26 a mtundu wa Baganda m'midzi yozungulira mzindawo, masabata awiri aliwonse, kwa miyezi ingapo. Ntchito yake idali kukhala pansi, kucheza ndi amayi kudzera mwa womasulira, n'kumaonerera. Adaona zomwe mayi aliyense wa kwathu amaziona tsiku ndi tsiku osazilemba: mwana wokwawa amachoka pamiyendo pa mayi ake, kukagwira ichi ndi icho, kucheuka kuona ngati mayi alipo, n'kupitiriza, mlendo akalowa amathamangira pamiyendo paja. Mwana yemwe mayi ake amamva msanga kulira kwake ndi amene ankalimba mtima kupita patali. Buku lake la Infancy in Uganda lidatuluka mu 1967, ndipo mayeso otchuka omwe adadzachita ku Baltimore adamera pa zomwe adaphunzira kwa amayi a ku Uganda aja. Ndikutsindika dala, poti nthawi zambiri nzeruzi zimabwerera kuno zitavala suti, ife n'kumaziyesa zachilendo.

Akatswiri a EMDR adayamba kufunsa ngati njira yawo ingafike pa mabala oterewa. Laurel Parnell wa ku California adatulutsa buku la Attachment-Focused EMDR mu 2013. Chochititsa chidwi n'chakuti kusintha komwe adachita kudachepetsa ulemerero wa zala. Nthawi yambiri imathera pomanga ubale pakati pa wodwala ndi katswiri, ndi pomuthandiza munthuyo kupeza m'maganizo mwake omulera, omuteteza ndi omulangiza, kaya ndi agogo omwe adamukondadi, kaya mphunzitsi wina wakale, asanayandikire zowawa. Tinene mosabisa: umboni wa kafukufuku pa mbali imeneyi ndi wochepa poyerekeza ndi wa PTSD, ndipo chithandizo chake chimatenga nthawi yaitali, poti matumba otsala pakhomo amakhala ambiri, ena osadziwika n'komwe kuti adafika liti. Koma onani komwe mbiriyi yalozera. Bala likazama, zala zimacheperachepera, munthu wokhala pampando winawo amakulirakulira.

TIBWERERE KWA ALAMU

Nditawerenga zonsezi ndidamuimbira foni mwana wa achimwene uja. Ndidamuuza kuti kadonthoko si kabodza kotheratu, koma ndi kachidutswa ka ntchito ya magawo 8, ndipo magawo onsewo amafuna munthu. Kuwatsegulira amayi ake chithunzi cha usiku uja popanda wodziwa kuimitsa zikafika poipa, popanda wodziwa kutseka bwino pomaliza, kukhoza kuwasiya pakati penipeni pa matope aja. EMDR yomwe WHO idavomereza ndi ya katswiri wophunzitsidwa atakhala pamodzi ndi wodwala, osati ya foni m'manja pakati pausiku.

Akatswiri ophunzira EMDR mokwanira ndi ochepa kwathu kuno, ndipo pomwe pali kusowa m'pomwe ogulitsa zipewa amachulukira. Wina akakuuzani kuti amachiza ndi maso, mufunseni adaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo amamuyang'anira ndani. Akalonjeza kuti kamodzi n'kokwanira, kapena kuti mudzaiwala zonse, nyamukani muzipita. Dziwaninso kuti khomo si limodzi: uphungu wa CBT uja uli ndi umboni wolimba, ndipo anthu ambiri okumana ndi zoopsa amachira paokha m'miyezi yoyamba, makamaka akakhala ndi abale owagwira dzanja. Koma miyezi ikadutsa munthu akadali kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi kulephera ntchito, ameneyo akudwala. Tisamunene kuti ndi wamantha, walodzedwa kapena wachepa chikhulupiriro. Asilikali aja ankawanena zotere zomwe. Poyambira ndi kuchipatala cha boma chapafupi, kufunsa za anamwino a zamaganizo. Ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli St John of God.

Alamu anga tidawaperekeza kuchipatala, ndipo ayamba kukumana ndi mlangizi. Zala palibe, kadontho palibe. Pakadali pano akungophunzira kupuma ndi kutchula zomwe thupi likuwauza. Sabata yatha kudagwa mvula ya usiku. Achimwene akuti alamu adadzuka, adavala nsapato, adakhala pampando paja. Mwana uja adakoka mpando wina n'kukhala pambali pawo, osalankhula kanthu. Isanakwane 2 koloko, amayi ake adavula nsapato n'kubwerera kukagona. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikusiyireni ntchito, alembi anzanga. Mwaona kuti ku Ulaya ndi ku America bala limeneli lidayamba kusamalidwa litapatsidwa dzina. Ine m'nkhani yonseyi ndatsamira pa mawu oti "bala la mumtima," koma sindidakhutire nawo, poti alamu anga akuti chomwe chikukana kumva ndi thupi. Kwanuko, ku Mzimba, ku Mangochi, ku Ntcheu, ku Chikwawa, agogo ankamutcha chiyani munthu yemwe ngozi idatha koma iye akadali momwemo? Ndidikira mawu anu.